Kung Fu: Kamenyedwe Kosiyana, Mitima Yosiyana

Nkhani iyi ndi yowerenga pang'onopang'ono, gawo limodzi kapena awiri pa tsiku. Kusukulu aphunzitsi awerengere ana. Kunyumba makolo kapena akulu awo a anawo awerenge nawo pamodzi.

1. Ana salimbana mofanana

M'midzi ya ku Chifunde ana amakonda masewera ogwetsana. Anyamata oweta mbuzi ndi ng'ombe amalimbana pa mcenga m'mbali mwa mtsinje wa Luia. Ena amalimbana pa bwalo la sukulu pa nthawi yopuma. Munthu akaima n'kuyang'ana bwino, amaona kuti ana salimbana mofanana.

Mwana wina amathamangira mnzake ndi mphamvu zake zonse. Safuna kudikira. Wina amaima phee, kuyembekeza kuti mnzake alakwitse. Wina amaseka, amazemba, kenaka amakola mwendo wa mnzake. Wina ndi wofatsa. Akakankhidwa amapatuka, ndipo wokankhayo amagwa yekha.

Kalimbanidwe ka mwana kamasonyeza mtima wake. Anthu a ku China anazindikira zimenezi kalekale. Iwo ali ndi mitundu yambiri ya kamenyedwe, ndipo mtundu uliwonse umafuna mtima wakewake. Ana ambiri amaona kamenyedwe kameneka m'mafilimu, pa kanema kapena pa foni, ndipo amafuna kutsanzira. Conco ndi bwino kuti adziwe zoona zake.

2. Kodi kung fu ndi ciyani?

China ndi dziko lalikulu la ku Asia. Lili kutali kwambiri ndi Mozambique, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya mcere.

Masewera omenyana a ku China amachedwa wushu. Koma anthu ambiri pa dziko lapansi amawadziwa ndi dzina lakuti kung fu. M'cinenero ca ku China, mawu akuti kung fu satanthauza ndewu. Amatanthauza luso limene munthu amalipeza pogwira nchito mwakhama kwa nthawi yaitali. Mayi wodziwa kuumba mbiya ali ndi kung fu yake. Bambo wodziwa kuluka nkhokwe kapena kusula makasu alinso ndi yake.

Malo ochuka kwambiri pa masewerawa ndi kacisi wa Shaolin. Kacisiyu anamangidwa m'caka ca 495, pa phiri la Song, m'cigawo ca Henan. Papita zaka zoposa 1,500. M'kacisimo mumakhala amonke, amuna odzipatula a cipembedzo ca Buddha. Ena mwa iwo amaphunzira kumenya ndi manja, ndi miyendo ndi ndodo.

Koma kung fu sinacokere ku Shaolin kokha. Asilikali, alimi ndi alonda operekeza amalonda nawonso anali ndi kamenyedwe kawo. N'cifukwa cake mitundu yake ndi yoposa 100. Eni ake amati a kumpoto amachuka ndi miyendo, a kum'mwera amachuka ndi manja.

Aphunzitsi akale ankayang'anitsitsa nyama, mbalame ndi tizilombo. Ankaona mmene ciliconse cimadzitetezera. Mitundu yambiri ya kung fu inatenga maina ake pamenepo.

3. Wamphamvu: kamenyedwe ka tigre

Ku Asia kuli cilombo cofanana ndi nyalugwe. Ndi cacikulu kuposa nyalugwe, ndipo cili ndi mizere m'malo mwa mawanga. Pa Cipwitikizi cimachedwa tigre.

Womenya ngati tigre amapita kutsogolo. Amapinda zala zake ngati zikhadabo. Amagwira, amakoka, amakankha. Amaponda pansi mwamphamvu ndipo amafuula. Amafuna kuti mnzake acite mantha mpikisano usanapite patali.

Mphamvu zimenezi zimayambira m'miyendo. Wophunzira amatangadza miyendo, amapinda mawondo, n'kukhala ngati wakwera kavalo, koma kavaloyo palibe. Amakhala conco mpaka miyendo kunjenjemera. Amatero tsiku ndi tsiku.

Mtundu wa kung fu wochedwa Hung Gar umagwiritsa nchito kwambiri kamenyedwe ka tigre. Katswiri wake wochuka anali Wong Fei-hung. Anabadwa m'caka ca 1847 ndipo anamwalira m'caka ca 1925. Iye analinso sing'anga. Anali ndi nyumba yocizira odwala mumzinda wa Guangzhou, yochedwa Po Chi Lam. Manja omwewo odziwa kumenya ankadziwanso kulunzanitsa mafupa othyoka.

Kamenyedwe ka tigre kali ndi vuto lake. Kamatopetsa msanga. Munthu wa mtima wapacala amatha mphamvu zake zonse poyamba. Akakwiya saonanso bwino. Mnzake akangopatuka, iye amapitirira n'kugwa.

4. Wodekha: kakowa ndi njoka

Ana onse amamudziwa kakowa, mbalame yoyera yoyenda ndi ng'ombe. Ku China kuli mbalame yofanana naye, koma yaikulu, ya miyendo yaitali ndi khosi lalitali. Womenya motsanzira mbalameyi satekeseka. Amatambasula manja ngati mapiko. Amatha kuima ndi mwendo umodzi osagwedezeka. Salola kuti mnzake amuyandikire. Amazungulira, amazinda, ndipo akaona mpata amajompha kamodzi ndi dzanja lake.

Womenya ngati njoka amadekha koposa. Amaphatikiza zala zake kuti zioneke ngati mutu wa njoka. Dzanja limayenda mopindikapindika. Thupi lonse limakhala lofewa. Sataya mphamvu pacabe. Amadikira, amadikira, kenaka amalasa mwadzidzidzi.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kakowa ndi njoka amaphunzitsa zomwezo. Wodekha amaona zimene wopupuluma saziona.

Koma kudekha nakonso kuli ndi vuto lake. Wodikira kwambiri amataya mpata. Woima ndi mwendo umodzi akakankhidwa mwamphamvu amagwa msanga. N'cifukwa cake a Hung Gar amaphunzira tigre ndi kakowa pamodzi. Wina amapereka mphamvu, wina amapereka kudekha.

5. Wocenjera: ciswambiya, pusi ndi woledzera

Ku Shandong, kumpoto kwa China, kuli nthano ya munthu wochedwa Wang Lang. Akuti iye anagonja pa mpikisano. Anapita kukakhala pansi pa mtengo ali wokhumudwa. Pamenepo anaona ciswambiya akugwira nyenje ndi miyendo yake yakutsogolo, yopindika ngati mbedza. Wang Lang anatola kaudzu n'kuyamba kumuputa, kuti aone mmene amachingira ndi mmene amagwirira. Anatsanzira zimenezo ndi manja ake. Kwa pusi anatengako kayendedwe ka miyendo. Atabwerera ku mpikisano anapambana. Iyi ndi nthano, koma kamenyedwe ka ciswambiya kalipodi, ndipo anthu amakaphunzira mpaka lero.

Womenya ngati pusi amanjuta, amadumpha, amagubuduzika pansi. Amadzikanda ndi kuyang'ana kumbali ngati sakusamala. Mnzake akaiwala, iye wafika kale.

Palinso kamenyedwe ka woledzera. Womenyayo amadzandira ngati wamwa mowa. Amaoneka ngati agwa. Koma sanamwe kanthu, ndipo mutu wake uli bwinobwino. Kudzandirako ndi msampha. Munthu woledzeradi sangathe kucita zimenezi, cifukwa zimafuna miyendo yolimba ndi maso akuthwa. Anthu ambiri anakadziwa kamenyedwe kameneka m'filimu ya Jackie Chan ya m'caka ca 1978, yochedwa Drunken Master.

Omenya awa ali ngati Kalulu wa m'nthano, amene amagonjetsa Njovu ndi nzeru. Vuto lawo ndi lakuti msampha ukadziwika sugwiranso. Wopusitsidwa kamodzi amacenjera.

6. Wofatsa: tai chi

Tai chi inayambira m'mudzi wa Chenjiagou, m'cigawo ca Henan, m'zaka za m'ma 1600. Eni mudziwo amati anaiyambitsa ndi kholo lawo Chen Wangting. M'zaka za m'ma 1800, Yang Luchan anakaphunzira kumeneko, ndipo pambuyo pake anakaiphunzitsa mumzinda wa Beijing.

Wophunzira tai chi amayenda pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda m'madzi ofika m'cifuwa. Amapuma mofatsa. Saumitsa thupi. Ku China agogo ambiri amacita tai chi m'mamawa kuti matupi awo akhale olimba.

Nzeru ya tai chi ndi iyi: mphamvu sizichingidwa ndi mphamvu. Mtsinje ukasefukira, mtengo wouma umathyoka. Bango limawerama, madzi amadutsa, ndipo bangolo limadzukanso. Wa tai chi akakankhidwa, amatembenuza ciuno n'kulola kuti mphamvu za mnzake zidutse. Wokankhayo amapezeka ali pansi.

Pophunzira, anthu awiri amagundanitsa mikono n'kumakankhana mofatsa. Aliyense amamvetsera ndi khungu lake kumene mnzake akufuna kulowera. Amene wasuntha phazi wagonja.

M'caka ca 2020, bungwe la UNESCO linaika tai chi pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse. Bungwe lomweli linalemekezanso Gule Wamkulu wa Acewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia m'caka ca 2005.

Vuto la tai chi ndi lakuti imatenga zaka zambiri. Ndiponso munthu amene wangozolowera kuyenda pang'onopang'ono amasokonezeka zibakera zikabwera mothamanga.

7. Wosataya nthawi: wing chun

Kum'mwera kwa China kuli nthano ya mtsikana wochedwa Yim Wing-chun. Akuti mwamuna wina wankhanza ankafuna kumukwatira mokakamiza. Mayi wina wodzipatula wa cipembedzo ca Buddha, dzina lake Ng Mui, anamuphunzitsa kudziteteza. Mtsikanayo anagonjetsa mwamuna uja, ndipo kamenyedweko kanatenga dzina lake. Nthanoyi imasonyeza kuti kung fu si ya anyamata okha.

Wa wing chun sadumpha, sazungulira, sadzionetsera. Amaima pafupi ndi mnzake. Zigongono zake zimakhala pafupi ndi thupi. Dzanja limodzi limachinga, lina limamenya pa nthawi yomweyo. Amasankha njira yaifupi, monga munthu wopita kucitsime amene sadzera kumsika.

Mphunzitsi wochuka wa wing chun anali Ip Man. Anabadwa m'caka ca 1893 ku Foshan, ndipo anamwalira m'caka ca 1972 ku Hong Kong. Mmodzi mwa ophunzira ake anali mnyamata wochedwa Bruce Lee, amene anadzachuka m'mafilimu. Bruce Lee anabadwa m'caka ca 1940 ndipo anamwalira m'caka ca 1973, ali ndi zaka 32. Atakula anaona kuti mtundu umodzi sukwanira. Anaphunzira nkhonya ndi kamenyedwe ka mitundu ina. Ankaphunzitsa kuti womenya azisintha monga madzi, amene amatenga maonekedwe a ciwiya cimene athiridwamo.

8. Bwalo la mpikisano

Kale ku China akatswiri ankayesana pa nsanja yochedwa lei tai. Nsanjayo inali yokwera ndipo inalibe zingwe m'mbali. Katswiri ankakwera pamwamba n'kuitana aliyense wofuna kumuyesa. Wogwa pa nsanja, kapena wovomera kuti zamukanika, ndiye anali wogonja. Malamulo anali ocepa. Anthu ankavulala kwambiri, ena mpaka kufa.

M'caka ca 1928, mumzinda wa Nanjing munacitika mpikisano waukulu wa dziko lonse. Omenya a mitundu yosiyanasiyana anakumana, ndipo ambiri anavulala. Pang'onopang'ono anthu anaona kuti mpikisano wopanda malamulo umawononga akatswiri omwewo.

Masiku ano mipikisano ya wushu ili mitundu iwiri. Woyamba umachedwa taolu. Pa taolu munthu samenya mnzake. Amasonyeza luso lake monga wovina pa bwalo, ndipo oweruza amapereka mapointi. Waciwiri umachedwa sanda. Pa sanda anthu awiri amamenyana pa nsanja ya mamita 8 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Pansi pozungulira nsanjayo amayalapo zofewa. Omenya amavala magolovesi ndi zoteteza mutu ndi cifuwa. Amayezedwa pa sikelo kuti wamkulu asakumane ndi wamng'ono. Cigawo ciliconse cimatenga mphindi 2. Kumenya kunkhongo, pakhosi ndi kumaliseche n'koletsedwa. Woweruza akalamula kuti aleke, onse amaleka.

9. Mpikisano wa ku Macau

M'caka ca 1953, mumzinda wa Hong Kong munali aphunzitsi ambiri a kung fu. Mmodzi anali Wu Gongyi, mphunzitsi wa tai chi, bambo wa zaka zoposa 50. Iye ananena m'nyuzipepala kuti anali wokonzeka kuyesana ndi wa mtundu uliwonse. Mphunzitsi wina wochedwa Chen Kefu anamuyankha. Chen anali wamng'ono kwa Wu ndi zaka zambiri, ndipo ankaphunzitsa kamenyedwe ka kakowa woyera. Awiriwa anayankhana m'nyuzipepala kwa masabata angapo. Anthu anagawikana. Ena ankati kufatsa kwa mkulu kupambana. Ena ankati manja aatali ndi liwiro la wamng'ono zipambana.

Boma la Hong Kong silinkalola mpikisano wotere. Conco anawolokera ku Macau, mzinda wapafupi. Pa nthawiyo Macau ankalamulidwa ndi Apwitikizi, monga momwe zinalili ndi Mozambique. Anagwirizana kuti ndalama zolowera zikathandize anthu ovutika.

Mpikisano unacitika pa 17 Januwale 1954. Anthu zikwizikwi anabwera kudzaonera. Chen anayamba ndi liwiro, akuzungulira ndi kuponya manja. Wu anayankha, ndipo cibakera cake cinapeza mphuno ya Chen. Magazi anatuluka. M'cigawo caciwiri mitima inatentha, ndipo anayamba kuponyerana miyendo mophwanya malamulo. Oweruza anaimitsa mpikisano. Analengeza kuti palibe wopambana ndipo palibe wogonja.

Mpikisanowu unajambulidwa pa kanema. Oonera amadabwa, cifukwa sufanana ndi za m'mafilimu. Palibe wouluka. Kufatsa kwa tai chi ndi mapiko a kakowa sizioneka kwenikweni. Amaoneka amuna awiri akuponyerana zibakera kwa mphindi zocepa. Mtima ukatentha, zambiri zimene munthu anaphunzira zimathawa.

10. Mpikisano wa ku Chengdu

M'caka ca 2017, mumzinda wa Chengdu, munacitika mpikisano wina. Wei Lei ankadzicha katswiri wa tai chi. Xu Xiaodong anali wozolowera kumenyana kwamakono, kophatikiza nkhonya, miyendo ndi kugwetsana. Iye ankayesana ndi anzake kawirikawiri. Mphindi imodzi isanathe, Wei Lei anali pansi.

Anthu a ku China anakangana kwambiri za nkhaniyi. Ena anakwiya kuti mwambo wa makolo wanyozedwa. Ena anati vuto silinali tai chi, koma munthu wodzitama ndi luso limene sanaliyese.

Nanga kamenyedwe kopambana konse ndi kati? Palibe. Tigre ali ndi mphamvu koma amatopa. Kakowa amadekha koma amacedwa. Pusi amacenjera koma amadziwika. Dzina la kamenyedwe silimenya munthu. Cimene cimasiyanitsa omenya awiri ndi khama lawo pophunzira, ndi mmene aliyense amagwirira mtima wake. Wamtima wapacala amafunika kuphunzira kudikira. Wamantha amafunika kuphunzira kuima nji. Wocenjera amafunika kuphunzira kusunga malamulo. Mphunzitsi wabwino amayamba waona mtima wa mwana, kenaka amamupatsa cimene cikumusowa.

11. Za m'mafilimu si zenizeni

Patangopita masiku ocepa mpikisano wa ku Macau utatha, mlembi wina wochedwa Liang Yusheng anayamba kulemba nthano za akatswiri omenya m'nyuzipepala ya ku Hong Kong. Anthu anazikonda kwambiri. Nthano za mtundu umenewu zinalowa m'mafilimu ambiri. M'nthanozo akatswiri amauluka pamwamba pa madenga, ndipo mmodzi amagonjetsa anthu 20.

Ana ayenera kudziwa mmene mafilimu amapangidwira. Wouluka amakhala atamangidwa ndi zingwe zimene sizioneka pa kanema. Omenyana amagwirizana kale kuti wina aponya dzanja liti, ndipo wina agwera kuti. Amabwereza kambirimbiri, monga ana oyeserera gule. Zibakera zambiri sizifika pa thupi. Phokoso la kumenya amaliwonjezera pambuyo pake. Magazi ndi utoto.

Ngakhale conco, ngozi zimacitika. Jackie Chan anagwa kucokera mumtengo pojambula filimu. Anamenyetsa mutu pa mwala, ndipo fupa la mutu linasweka. Madokotala anamucita opaleshoni. Iye anali katswiri amene anaphunzira kuyambira ali mwana. Nanga mwana wa kalasi yoyamba wodumpha kucokera mumtengo wa mango?

12. Kung fu kufupi ndi Tete

Kung fu inafika ngakhale kwa ana olankhula Cinyanja. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000, mmonke wa ku Taiwan wochedwa Hui Li anatsegula malo osungira ana amasiye pafupi ndi mzinda wa Blantyre, m'dziko la Malawi. Malowo amachedwa Amitofo Care Centre. Kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi, anawo anaphunzitsidwa cinenero ca ku China ndi kung fu ya ku Shaolin. Ankadzuka m'bandakuca kukayeserera. Ena anafika pokasonyeza luso lawo m'maiko akutali.

M'caka ca 2019 kunatuluka filimu yonena za malowa, yochedwa Buddha in Africa. Anaijambula ndi Nicole Schafer wa ku South Africa. Filimuyi si nthano. Imasonyeza mnyamata wa ku Malawi amene anakhala katswiri wa kung fu. Atakula anavutika kusankha pakati pa kukhala pafupi ndi abale ake kumudzi ndi kupita kukaphunzira ku Taiwan.

Ana amenewo sanakhale akatswiri poonera kanema. Anali ndi aphunzitsi, ndipo anayeserera kwa zaka zambiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

13. Ulemu usanayambe mpikisano

Omenya a wushu asanayambe amapatsana moni wapadera. Dzanja lamanja amalikunga cibakera. Dzanja lamanzere amalitambasula n'kuligunditsa pa cibakeraco, patsogolo pa cifuwa. Cibakera cimaimira mphamvu. Cikhatho cimaimira ulemu ndi nzeru zimene zimagwira mphamvuzo. Moni umenewu amapereka kwa mphunzitsi, kwa woweruza ndi kwa mnzake womenyana naye. Mpikisano ukatha amaperekanso.

Anthu a ku China ali ndi mawu akuti wude. Amatanthauza khalidwe la womenya. Wophunzira ayenera kulemekeza akulu, kudzicepetsa, kupirira ndi kusazunza ofooka. Aphunzitsi akale ankayamba ayesa khalidwe la mwana asanamuphunzitse zakuya.

Apa ndi pamene masewera amasiyanirana ndi ndewu. Pa masewera onse awiri amavomera. Pali malamulo, pali woyang'anira, ndipo pali mathero. Pa ndewu pali mkwiyo wokha.

14. Mawu kwa makolo

Kugwetsana ndi masewera akale, ndipo kumalimbitsa thupi. Kuletseratu sikuthandiza, cifukwa ana amakacitira kobisika. Cofunika ndi malamulo omveka. Makolo ndi aphunzitsi angagwirizane ndi ana pa mfundo izi:

Ogwetsana akhale a msinkhu umodzi, ndipo onse awiri avomere.
Agwetsane pa mcenga kapena pa udzu, pamalo opanda miyala, zitsa ndi moto.
Asamenyane kumutu, m'maso, pakhosi, m'mimba ndi kumaliseche.
Asagwiritse nchito ndodo, miyala kapena mpeni.
Wina akanena kuti basi, masewera athere pomwepo.
Akatha apatsane moni.

Mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, makolo amuyang'anire. Akayamba kusanza, kusinza kwambiri kapena kulankhula zosamveka, apite naye kucipatala msanga. Dzanja kapena mwendo ukatupa ndipo mwana akukana kuugwiritsa nchito, asaukoke. Apite naye kucipatala.

Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mwana akavulaza mnzake, mlandu umafika kwa makolo, ndipo mabanja awiri amadana. Kuceza ndi mwana za filimu imene waonera kumatenga nthawi yocepa. Kumathandizanso kholo kudziwa mtima wa mwana wake.

Mawu atsopano

Kung fu: luso lobwera ndi khama ndi nthawi.
Wushu: masewera omenyana a ku China.
Tigre: cilombo ca mizere cofanana ndi nyalugwe.
Lei tai: nsanja ya mpikisano.
Wude: khalidwe labwino la womenya.
Katswiri: munthu wodziwa bwino nchito yake.

Mafunso

1. Kodi mawu akuti kung fu amatanthauza ciyani?
2. Chulani nyama zitatu zimene omenya a ku China amatsanzira.
3. N'cifukwa ciyani womenya ngati tigre amatopa msanga?
4. Kodi bango limatani mtsinje ukasefukira?
5. Ndani anapambana pa mpikisano wa ku Macau?
6. Kodi anthu a m'mafilimu amaulukadi?
7. Kodi masewera amasiyana bwanji ndi ndewu?

Zocita

Jambulani kakowa ataima ndi mwendo umodzi.
Imani ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Werengani kuyambira 1 mpaka 10. Sinthani mwendo.
Perekani moni wa cibakera ndi cikhatho kwa mnzanu.
Funsani agogo anu mmene ana ankagwetsanirana kale, ndi malamulo amene ankatsata. Mawa mukafotokozere anzanu m'kalasi.